Madala Osesa mu Babashopu

Wometa anali kupukuta makina ake pamene galimoto lakuda linaima pakhomo pa babashopu. Munatuluka munthu wa suti, nsapato zili waliwali.

"Injiniya! Ukadali moyo, mbuzi iwe?"

Dzina la Injiniyalo linamubaya. Ndi lomwe ankamutcha kusekondale, asanapite kukoleji komwe analephera mayeso n'kubwezedwa kunyumba. Womuitanayo anali mnzake wa desiki imodzi, amene tsopano anali loya wotchuka mumzinda.

"A Loya! Mwasochera kapena?" anatero wometa, akukankhira ndi phazi mpando wothyoka mwendo kuseri kwa chitseko.

"Kusochera kotani? Ndimete mpala. Usasiye ndi limodzi lomwe."

Pakona, bambo ake a wometa anali kusesa tsitsi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Jekete yawo inali yobooka pachigongono. Chimwalirireni amayi, iwo ankabwera m'mawa uliwonse kudzasesa ndi kuchapa matawulo. Za kukoleji sanazitchulepo ndi tsiku limodzi, ndipo wometa ankadziwa tanthauzo la kukhala chete kumeneko. Bambo amene anayembekezera injiniya n'kulandira wometa ndevu, anenenso chiyani?

Loya anawayang'ana pagalasi. "Nanga madala awa?"

Pakamwa pa wometa panathamanga mtima usanavomere.

"Ndi wantchito chabe, amandisesera. Inenso pano ndimangobwera mwa apo ndi apo, ndili ndi mashopu ena." Ndipo ngati kuti bodzalo linafunika chidindo, anatembenuka. "Madala, katayeni tsitsilo panja."

Nyimbo inaduka. Tsache linaima pang'ono.

"Chabwino, bwana," anayankha bambo aja mofatsa. Anawola tsitsilo, natuluka.

Mumsewu umenewo munalibe tambala, koma wometa anamumva akulira m'chifuwa mwake. Anayatsa makina. Anayamba kumeta. Anakumbuka manja a bambo akewo akumusambitsa ali kamwana, akumugwira popita kutchalitchi, akumulandira chikwama tsiku limene anabwezedwa kukoleji, osafunsa kanthu. Mulungu anamupatsa lamulo lophweka, lolemekeza womubala, ndipo iye analigulitsa chifukwa cha suti ya munthu wina.

"Ambuye, ndine munthu wanji ine?" anapemphera chamumtima.

Loya anatsamira pampando. Anatseka maso, tsitsi likugwera pa nsalu. Wometa ankayang'ana wotchi yagolide padzanja lake, kolala yoyera, khosi losalala la munthu wodya bwino. Uyu ndiye mwana amene bambo aliyense angamuloze pagulu, anaganiza choncho. Nsanje inabwera, koma sinakhalitse. Manyazi anali atadzaza kale malo onse.

Pawindo ankawaona bambo ake. Tsitsi anali atataya kalekale, koma sanabwererenso mkati. Anangoima padzuwa pafupi ndi galimoto lija, tsache lili m'manja, kuti asamuchititse mwana wawo manyazi.

Apo wometa analephera kupirira. Anazimitsa makina mutu usanathe.

"Amwene, ndakunamiza. Mashopu ena kulibe. Ndili ndi kano kokha, magalasi awiri ndi mpando wothyoka. Ndipo madala aja..."

"Ndi bambo ako," anamaliza Loya, maso akadali otseka. "Ndimafuna ndione ngati ungafike nalo kumapeto bodzalo. Pitiriza kumeta, usandisiye ngati nkhuku yothothoka."

"Ukuwadziwa bwanji?"

Loya anatsegula maso, namuyang'ana pagalasi.

"Timakhala benchi imodzi kuchipatala, iwo za shuga, ine za chotupa cha m'mutu muno. Mawa akunding'amba, ndipo ana anga palibe amene wapeza mpata wobwera. Ndati asandimete anamwino, andimete munthu amene madalawo amatisokosa naye pamzere: 'Wanga uja ndiye anakhoza. Amadya nane mbale imodzi tsiku lililonse.'"