Tambala Akana Kutola Miyala

Padangokhala! Vomerani msanga, anzanga, iyi ndi yatsopano, sinazizire!

Udzu utakula pabwalo la mpira, nyama zidabwereka makina awiri otchetchera, aja ozunguza kachingwe. Tambala ndi Nkhanga adagawana bwalolo kuti aone womaliza msanga.

Nkhanga adavala magalasi ndi chipewa cholimba. "Alamu, titole kaye miyala, makinawa amaponya ngati legeni," adatero motopa. "Ndanena dzulo, ndanenanso m'mawa, kukhosi kwauma."

"Tolani nokha!" adayankha Tambala. "Ndipo chipewa chibise mutu wofiirawu? Misoti indiona bwanji?"

Makina adalira, vuuu! Udzu mbwee, Tambala patsogolo, misoti ikululutira. Posakhalitsa kachingwe kadamenya mwala, mwalawo n'kuulukira m'diso la Tambala, thaa!

Nkhanga adazimitsa makina ake, n'kuusa moyo. Adamumanga nsalu padiso, kenako adatchetcha mbali zonse ziwiri yekha.

"Mwapambana, alamu," adatero dzuwa likulowa. "Ntchito mwaweruka msanga ndithu."

Kamuoneni Tambala lero: amakuyang'anani cham'mbali ndi diso limodzi, akutola timiyala tsiku lonse. Nkhanga chipewa chija sadavulenso. Pothera udzu, nthano yatheranso pomwepo!