Nyale Yozima Pang'onopang'ono

Mwana wanga amaopa mdima wobwera mwadzidzidzi. Ine ndimakonza zamagetsi, choncho ndinatenga kabolodi kakang'ono ka kompyuta n'kukalembera pulogalamu yoti nyale ya kuchipinda kwake izichepa kuwala pang'onopang'ono, pamlingo wofanana, mpaka kuzimiratu.

Kutangoda, ndinalowa ndi laputopu kukayesa. Manambala osonyeza kuwala ankatsika bwinobwino, osalumpha. Koma mdimawo sunkabwera mofanana. Pakona ya kuseri kwa chitseko panada msanga kuposa pena paliponse, ndipo mdima wa pamenepo unali ndi mapewa.

"Amayi, musayang'aneko," mwanayo ananong'ona ali m'bulangeti. "Amadikira kuti izime."

"Ndani?"

Mtima unandipsa. Ndinasintha chizindikiro chimodzi mu pulogalamu muja, pa chochotsera ndinaikapo chophatikiza, n'kuitumizanso ku kabolodi. Kuwala kunayamba kukwera.

"Kaya ndiwe ndani, mwana uyu ndi wanga, nyaleyi ndapanganso ndine," ndinauza pakonapo. "Sizima lero, sizimanso mawa. Udikira mpaka utope."

Makoma anayera. Nsapato za mwana zinaoneka, chikwama cha kusukulu chinaonekanso. Chinthucho sichinachoke. Kuwala kukamakwera, nachonso chinkaoneka bwino: mawondo opinda, zala zazitali zogwira mawondowo, kenako mutu wowerama, umene unayamba kudzuka pang'onopang'ono.

Ndinakoka mpando n'kukhala pakati pa icho ndi bedi, maso anga ali pomwepo osaphethira. Pa laputopu manambala ankakwerabe, asanafike n'pakati pomwe.