Kapulogalamu Kamene Kevin Anaika

Callista atangodina fayilo ya kafukufuku wake, laputopu inaumanso gwa. Kafukufukuyo ankafunika ku yunivesite masana omwewo.

Atathamangira nayo kwa Thulani, wokonza makompyuta pamsika wa Yeoville ku Joni, mnyamatayo ankazimitsa kamodzikamodzi timapulogalamu tomatirira ku chotsegulira mafayilo. Callista ankangozungulira mpando.

"Ndakagwira, sisi," anatero Thulani m'Chichewa chosiyiridwa ndi agogo ake a kumigodi. "Mukakhudza fayilo, kapulogalamu aka kakumathamangira kuitumiza kwina, nkupunthwa. Anakaika ndani?"

"Chibwenzi changa, Kevin. Ankati nkoteteza mavairasi."

"Eish! Mavairasi ake ndi anyamata?"

Foni ya Callista inalira. Anali Kevin.

"Bebi, laputopuyo usapite nayo kwa anthu. Ndikonza ndekha."

Callista anasiya kuzungulira.

"Kachotseni, bhuti," anauza Thulani mokweza, foni ikadali kukhutu.