Mayi wa Kuseri kwa Ofesi

Graça ankapukuta tebulo la alendo pamene anawaonanso mayi aja akudutsa pazenera. Mayi achikulire, ovala kapulana, chitenje chawo chotuwa, mapazi ali mbuu ndi fumbi la msewu wa ku Itepela. Sanagogode, sanakhale pabenchi la pakhonde pomwe alimi ena amadikirira. Anazungulira kuseri kwa ofesi nakakhala pansi, pafupi ndi thanki ya madzi.

Mtsikanayo anacheukira bambo Simoni, mkulu wa ofesiyo. Basi, zomwezija! Anali atatembenuza kale mpando, maso ali kukhoma.

"Kumbukani!" bambo Simoni anaitana mlonda wa paofesipo. "Pita ukamve zimene abwerera, udzandiuze."

Graça anatsonya chapansipansi. Zaka zonse zimene anakhala ku univesidade akuphunzira kayendetsedwe ka boma, aphunzitsi ankabwereza chinthu chimodzi mpaka makutu kuwawa: wantchito wa anthu amalandira nzika iye mwini, amaiyang'ana m'maso, amaimvera. Ndiye pomutumiza ku Mandimba kuno kudzachita esitajiyu, kuphunzira ntchito pabungwe lina lothandiza alimi, n'kudzagwera m'manja mwa munthu uyu!

Tisabise, Graça ankadana nawo bambo Simoni. Chifikireni chake ankamutcha "dotora" mokoka mawu pomunyodola kuti ndi wophunzira kwambiri, kwinaku akumupatsa tsache. Akati apereke maganizo, yankho linali lakuti, "Zam'buku muzisiya ku Cuamba, dotora." Ngakhale Chinyanja chake ankachiseka, poti mtsikanayo anakulira m'nyumba za anthu a njanji, makolo ake ochokera ku Beira, ndipo chinenerocho anachitolera pamsika. Zonsezo ankameza. Chimene chinkamukanika kumeza ndi cha mayi akuseriwa. Alimi ovala nsapato ankalowa, kupatsidwa moni wa padzanja ndi mpando. Mayi awa ayi. Tsiku lina atafunsa Kumbukani, mlondayo anangoseka nati, "Sizikukukhudzani, dotora." Ha, ndiye kuti onse anali amodzi.

Tsikulo linali lomaliza la esitajiyu. Dona Laura, mkulu wa bungwelo, anali m'njira kuchokera ku Cuamba kudzaweruza ngati Graça angalembedwe ntchito. Malo anali amodzi okha, ndipo wofunsidwa za kagwiridwe kake ka ntchito anali Simoni. Graça anadziwiratu kuti amumiza. Kubwerera kwawo chimanjamanja, kukathandiza mayi ake kugulitsa mabanzi pasiteshoni, anzake akumuloza ndi milomo? Ayi ndithu. Ngati pali womira lero, ayambe kumira ndi mkuluyu.

Galimoto inaima panja. Dona Laura analowa, anakhala, anamwa madzi, kenaka anafunsa.

"Eya, bambo Simoni, mtsikana wathuyu mwamuona bwanji?"

Simoni atangotsegula pakamwa, Graça anali ataimirira kale.

"Pepani, dona Laura. Musanamve za ine, taonani kaye mmene anthu amalandiridwira pano."

Anatuluka chothamanga, nakawagwira padzanja mayi aja.

"Iyayi, mwanangu, ndisiye! Ine muno ndiye m'malo mwanga."

"Musaope, mayi. Ofesi iyi ndi yanu. Palibe angakuthamangitseni ndili pano."

Mayiwo anakakamira thanki, koma mphamvu za mtsikana wokwiya si zamasewera. Kumbukani anakuwa, "Dotora, musatero!" Graça anamukankha ndi chigongono. Anawakokera m'kati, nakoka mpando, n'kuwakhazika pamaso penipeni pa Simoni, maondo pafupi kugundana.

Mkulu uja anadzambatuka ngati wakhalira khala la moto. Analunjika kukhomo, koma anapeza Graça atatsekereza ndi manja onse awiri.

"Mukuthawira kuti? Lero muwamva nokha!" Mawu anatuluka ngati mmene ankawayeserera m'mutu mwake masabata onsewa. "Dona Laura, mayi awa amayenda mtunda wautali kuchokera ku Itepela. Chiyambireni ine pano sanalowepo m'chipinda chino. Amakhala pafumbi kuseri, mawu awo amadzera mwa mlonda. Bambo awa akangowaona amawafulatira. Chifukwa chiyani? Chifukwa alibe nsapato? Bungweli ndi la yani, ngati si la anthu onga awa? Ayang'aneni, bambo Simoni! Ayang'aneni m'maso muwauze chimene anakulakwirani!"

Pakhonde alimi anali atadzaza pazenera, zipewa m'manja. Panalibe woseka. Simoni anazolika, thukuta likutsikira m'kolala, dzanja litaphimba pamaso. Mtima wa Graça unadumpha ndi chimwemwe. Wagwidwa, wonyada iwe! Seka Chinyanja changa tsopano.

"Yankhulani, mayi," anatero mofatsa, akuwasisita paphewa. "Akuluakulu ali pano. Nenani zonse."

Mayiwo anali atakokera kapulana kumutu. Atayankhula, anayang'ana kukhoma, ndipo mawu awo anali a munthu amene wavulidwa pagulu.

"Iwe ndiwe mwana wa yani, iwe? Chikwatirireni mwana wanga, mkamwini wangayu sanandiyang'anepo kumaso, ulemu wake sanauphonyepo. Lero iwe undikhazike maondo ndi maondo ndi iyeyu, anthu onsewa akuonerera?"

Dona Laura anaika kapu patebulo pang'onopang'ono.

"Graça, tenga chikwama chako. Ukafulumira, shapa, minibasi ya ku Cuamba ija, uipeza isananyamuke."