Vani Yomwe Inkadziwa Mwini Wake Yekha

Panali munthu wina, bambo wachikulire ndithu, amene ankaperekera buledi m'magolosale pa vani yakale ya otomatiki. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti ankakhala nawo moyandikana. Anthu ankangowatchula kuti a Imandidziwa, ndipo mumva chifukwa chake.

Vaniyo inayamba kakhalidwe kachilendo. Akaponda moto, injini inkangolira koma galimoto osathamanga, kenako giya n'kugwira mwadzidzidzi, gu! M'mawa kukuzizira inkayenda bwinobwino. Ikatentha, makamaka pachitunda, ndiye eee, zinali zina.

Tsiku lina anatenga mlamu wawo, yemwe anali makaniko. Asanapite patali mlamuyo anati aime. Anasolola kawaya koyezera oyilo wa giyabokosi, injini ikulira, n'kupukutira pakansalu.

"Alamu, oyiloyu amayenera kukhala wofiira. Taonani, wakuda bii, ndipo akununkha ngati mphika wopserera. Wachepanso, ndiye kuti akudontha penapake. Giyabokosi yanu ikuterereka. Bweretsani titseke podonthapo, tisinthe sefa ndi oyilo, zamkati zisanapse."

"Inu amakaniko, munthu akangotsokomola mumati opaleshoni," anaseka bambowo. "Galimotoyi imandidziwa."

Kunena zoona, sankanama. Anali ataiphunzira. Ikayamba kulira ankachotsa phazi pang'ono, n'kudikira giya igwire, kenako n'kuponda mwaulemu. Akamayandikira chitunda ankaikiratu giya yachiwiri. Masana ankaima pamthunzi kuti izizire. Tsiku lililonse buledi ankafika, ndipo madzulo ankauza akazi awo kuti, "Achimwene anu aja ankati chiyani? Si iyi yabwera?" Kuiwala kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

Mwana wawo wamkazi anali ndi laisensi, koma makiyi sankawakhudza. "Iwe ungaiwononge," ankatero.

Ndiye tsiku lina masana, atangofika kuchokera koperekera buledi, bambowo anagwa pakhonde. Pakamwa panapindika, dzanja lamanja linangoti lende, mawu osatuluka. Mayi aja anakuwa. Anthu oyandikana nawo ananyamula bambowo n'kuwakhazika kumpando wakutsogolo wa vani, mayi aja n'kukwera nawo, mwana uja n'kutenga makiyi. Vani inali ikadali yotentha.

Njira ya kuchipatala inali ndi chitunda. Atafika pakati pake, injini inayamba kulira, galimoto osakwera. Mtsikanayo anachita zimene aliyense akanachita bambo ake akufa pambali pake: anaponda moto mpaka pansi.

"Ababa, ikutani? Ndipange bwanji? Ababa!"

Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni kwambiri. Bambowo ankamva zonse. Ankadziwa kuti n'kungochotsa phazi basi, n'kuika giya yachiwiri. Anayesa kuyankhula, koma kunangotuluka malovu. Anayesa kuloza ndi dzanja lamanzere, mayi aja n'kuligwira. "Limbani mtima bambo, tifika."

Fungo lopserera linadzaza m'galimoto. Vani inaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, mtsikanayo n'kuponda mabuleki. Anayesa giya iliyonse, koma palibe inagwira. Anatsika akulira n'kumaimitsa magalimoto. Ambiri anangodutsa, mpaka wina wa lole anawamvera chisoni.

Kuchipatala adokotala anati matenda ofa ziwalowa amafuna kuthamangira, ndipo nthawi yambiri inali itatayika. Bambowo sanamwalire, koma mbali imodzi ya thupi sinadzukenso.

Vani anaikoka, ili kuseri kwa nyumba mpaka lero. Mlamu uja ataitsegula anapeza zamkati zonse zitapsa. Sananene kuti ndinkanena. Anangotseka n'kukasamba m'manja.

Mtsikanayo sanagwirenso chiwongolero. Ankangoti, "Ndinawapundula ndine, ndinalephera kuyendetsa." Mawu atayamba kubwerera pang'onopang'ono, bambowo anamuitana. Anavutika nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, kenako anati, "Si iwe, mwanangu. Inkandidziwa ine ndekha."

Phunziro: Kuzolowera vuto si kulikonza. Galimoto ikamalira koma osathamanga, oyilo wa giyabokosi akada kapena akamanunkha kupserera, pitani nayo kwa makaniko mukadali ndi mphamvu zopitira. Chinthu chimene chimayenda chifukwa cha luso lanu lokha n'chowonongeka kale, ndipo tsiku limene mudzachifune kwambiri mwina chiwongolero chidzakhala m'manja mwa wina. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene amati, "Yangayi ndimaidziwa ndekha."