Masamu a Lachitatu

Maybin anatsika basi pa Nyimba atavala jekete dzuwa lili pamutu. Thukuta linali kamukamu, koma mtima unali m'malo. Akanaopa chiyani, masamu atamutsimikizila kale kuti lelo sakanidwa?

Mkuluyu anali mphunzitsi wa masamu ku Petauke, ndipo ankachitanso maphunzilo apamwamba a mmene kompyuta imaphunzilila zinthu mwa kuyesa n'kumalandila mphoto kapena chilango. Nzelu yake ndi iyi: chochita chilichonse chimapatsidwa nambala yosonyeza phindu lake, lomwe ndi mphoto ya lelo kuphatikiza zonse zamtsogolo, zakutalizo n'kumazichepetsa mphamvu. Anzake ankayesa zimenezi pa masewelo a pakompyuta. Maybin, mopanda manyazi, anaziyesa pa mtsikana wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, amene anamudya mtima. Pamaso ankangomuti "asisi", koma amayi a benchi loyandikana anamunong'oneza kuti dzina lake ndi Natasha.

Akabwelako ku Nyimba, ankauza kompyuta zonse zimene waona. Akapita Loweluka, mtsikanayo ankaseka, kumufunsa za ana asukulu, n'kumuikila mbasela. Imeneyo inali mphoto. Akazemba Lachitatu masana, ana ali kumpila, ankamupeza wozolika, wosatulutsa mawu. Chimenecho chinali chilango.

Manambala anavinavina, kenako anakhazikika: Loweluka pamwamba, Lachitatu pansi penipeni. Komatu Maybin sanali munthu wongokhulupilila makina. Anakhala pansi n'kutsimikiza mzele ndi mzele kuti yankho ndi limodzi lokha, ndipo ngakhale utayambila pati, udzafika pomwepo. Umboniwo unali wosalala moti akanatha kuupsompsona. Za Lachitatu anazisiyilatu. Munthu wophunzila angamatayilenji nthawi pa tsiku lopanda phindu?

Choncho Loweluka limeneli anadutsa amayi oitanila makasitomala mutu uli m'mwamba, n'kukaima pabenchi lija. Mtsikana uja anamulandila ndi kumwetulila komwe kuja kwa manambala apamwamba.

Maybin anakonza kukhosi. "Natasha, lelo sininabwelele nthochi. Niuze kumene akhala amalume ako, nifuna kutumako anthu."

Mtsikanayo anaomba m'manja, n'kuseka mpaka kugwila nthiti.

"Iyee, aTicha! Ine ndine Yvonne, nili pa banja na ana awili. Natasha ni mphundu wanga, tinabadwa mapasa. Iye agulitsa pa Chitatu."

Jekete lija linayamba kulemela.

"Anali kukufunani maningi mwana uja. Akakuonani chabe, mawu anali kumuthela. Pamene munaleka kubwela analila, ati mwanyansidwa naye. Mailo, dzulo lomweli, ndiye wavomela dalaiva wa thilaki. Nanga nthochi, nikuikileni zingati?"