Pulasitala Wosafika Pansi

A Morris Namakhwa anatseka mphuno ndi mpango atangolowa m'nyumba yachitatu. Munkanunkha ngati thumba la chimanga chovunda. Chipupa chinali chitada kuyambira pansi mpaka m'mawondo, ndere zitayala ngati pamwala wa kumtsinje, ndipo pakona panali patamera bowa weniweni, woyera bwino, wonenepa.

"Anthu amagona muno?" anafunsa, mpango uli pamphuno.

"Mabanja asanu, nyumba zisanu, zonse zili chonchi," anayankha mayi Anesi, oyang'anira nyumba za antchito pa esiteti ya tiyiyo.

M'manja mwawo munali kalata yochokera kwa akuluakulu, yochotsa ntchito mmisiri amene anamanga nyumbazo. Inkangodikira kuti katswiri asaine, ndipo katswiriyo anali a Namakhwa, amene anajambula nyumbazo pa kompyuta ali ku Blantyre chaka chatha. Aka kanali koyamba kuti nsapato zawo zilawe matope a kuseri kwa Chinakanaka ku Mulanje, ndipo nsapatozo sizinakondwe.

Mmisiriyo, a Pilato, anaima panja pa mvula ya chiperoni, chipewa chili m'manja. Anakhala akumanga pa esitetiyo kuyambira asanamere imvi, ndipo nyumba imene ankakhala ndi adzukulu awo inali ya kampani. Ntchito ikatha, denga nalo latha.

A Namakhwa anazungulira kuseri, akunyamula mapazi ngati tambala wodutsa pachithaphwi. Vuto analiona nthawi yomweyo. Pulasitala wakunja analekezera m'malere, chikhatho chathunthu asanafike pasilabu, simenti ya pansi imene chipupa chimakhalapo. Njerwa zam'munsi zinangokhala pamtunda, zikumwa mvula ya ku Mulanje usana ndi usiku. Anatsonya mpaka nkhuku zinathawa.

Pakhonde anatsegula laputopu. Sanaiyatse. Anaona kuti kwa anthu ngati awa, kuiona kokha kunali kokwanira.

"Chipupa si chinthu chimodzi, madala," anayamba. "Pali njerwa pakati, pulasitala mkati, pulasitala kunja. Kompyuta imamanga zonsezi ndi loko kuti zilekezere pamodzi. Ndiye munthu wophunzira amatsegula loko wa pulasitala wakunja yekha, n'kulemba nambala yoti atsike, aphimbe silabu, madzi adutse. Nambalayo imafuna kamzere kochotsera kutsogolo kwake. Ukakaiwala, pulasitala amakwera m'malo motsika. Koma zimenezo amalakwitsa ndi ana a chaka choyamba."

"Bwana, papepala paja..." anatero a Pilato.

"Pepala mumatha kuliwerenga inuyo? Kapena munapichirira fodya?"

A Pilato anayang'ana chipewa chawo. Mayi Anesi anatsegula pakamwa, koma a Namakhwa anakweza dzanja. Akamalankhula sankafuna owathandiza.

Chimene chinkawanyansa kwambiri sichinali bowa ayi. Chinali chakuti munthu ungakhale zaka zisanu ku koleji, maso n'kufiira ndi kompyuta, n'kujambula chipupa choti ngakhale azungu angaombe m'manja, kenako n'kuchipereka kwa nkhalamba yoyeza ndi chala cham'manja. Dziko lino silingatukuke, anaganiza choncho, uku akupukuta nsapato paudzu wa eni ake.

Atafika kumapeto kwa mzere wa nyumbazo, a Namakhwa anaima chilili. Panali nyumba yachisanu ndi chimodzi, yofanana ndi zinazo, koma youma ngati chikonyo. Pulasitala anatsika bwinobwino, kuphimba silabu, mpaka kulowa pang'ono m'dothi. Mkati munalibe ndere ngakhale kadontho. Mayi wina anali atatsamiritsa thumba la ufa kuchipupa, mopanda mantha.

"Ehee!" A Namakhwa anamenya chipupacho ndi chikhatho ngati akusisita ng'ombe yawo. "Bwerani kuno, madala. Mwaona? Izi ndi zimene zimachitika munthu akatsata pulani. Apa munamvera, nyumba yauma. Apo munachita zam'mutu mwanu, anthu akugona ndi bowa. Umboni wina ngwachiyani?"

Anatulutsa foni n'kuijambula nyumbayo mbali zonse, kenako anapempha mayi Anesi kuti awajambule iwo ataima pakhomo, laputopu ili m'khwapa. Chithunzicho chinali choti akapachike ku ofesi. Atakhutira ndi mmene anaonekera, anatulutsa cholembera m'thumba la jekete.

"Bweretsani kalata ija, mayi. Ndikufuna ndikafike ku Blantyre kukadali kowala."

Mayi Anesi anaipereka, koma sanaisiye msanga.

"Musanasaine, bwana. Nyumba youma iyi a Pilato anaimanga ndi mutu wawo, mapepala anu asanafike. Zisanu zija ndiye anatsata pulani yanu, osaphonya ngakhale pang'ono. Anatichenjeza kuti zidzanyowa, ife tinawauza kuti azimvera anthu ophunzira."